Utsi wa Chilimwe ndi Masamba a Soya m'Chigwa cha Mua

Munthu wotsika msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku mapiri a Dedza kunka ku Golomoti m'mwezi wa Meyi amaona dziko lonse la kunsi litayalidwa poyera: minda, midzi, mitsinje, ndi nyanja ikunyezimira chapatali. Koma munthu yemweyo akadzeranso pomwepo m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala sapenya kanthu koma chifunga chotuwa chimene chimakuta chigwa chonse, kotero kuti dzuwa limatuluka lofiira ngati khala la moto, ndipo munthu angathe kuliyang'ana osatsinzina. Anthu a ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti adazolowera zimenezi, ndipo amangoti ndi utsi wa chilimwe umene udzatha mvula ikagwa. Kunena zoona utsiwo umatha, koma m'kati mwake mumabadwa chinthu china chosaoneka ndi maso, chimene chimalowa m'masamba a mbewu ndi kuchepetsa zokolola mwini munda osadziwa. Soya ndi imodzi mwa mbewu zimene zimavutika nacho msanga chinthuchi, ndipo chodabwitsa nchakuti mitundu ya soya siivutika mofanana. Mphunzitsi amene wamvetsa chifukwa chake angathe kulongosolera ana a sukulu nkhani yonseyi m'chinenero chawo, ndi zitsanzo za pakhomo pawo.

Soya m'chigwa

Mishoni ya Mua, imene ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazika m'chaka cha 1902 pambali pa mtsinje wa Nadzipokwe, ili patsinde penipeni pa mapiri, pamene dziko lozizira la Dedza limathera ndi kuyamba chigwa chotentha cha kunyanja. Mbewu zozolowereka m'chigwachi ndi chimanga, mapira, mpunga, mtedza, khobwe ndi thonje. Soya ndi mlendo. Kwawo ndi ku China, kumene anthu akhala akumulima zaka zikwi zingapo, ndipo m'Malawi adayamba wakhazikika kumtunda, m'maboma onga Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi. Koma watsikiranso kuchigwa, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012 ntchito yofufuza za ulimi yotchedwa Africa RISING idayesa mbewu za mtundu wa nyemba, monga mtedza, nandolo, khobwe ndi soya, pamodzi ndi alimi a ku Golomoti ndi a ku Linthipe.

Chimene chimakometsa soya nchodziwika. Pa makilogalamu 100 a njere zake, pafupifupi 40 ndi chakudya chomanga thupi ndipo pafupifupi 20 ndi mafuta. Nchifukwa chake ufa wake umasakanizidwa ndi wa chimanga pokonza phala la ana, monga Likuni Phala, ndipo amalonda amamugula kuti ayenge mafuta ophikira ndi kukonza chakudya cha nkhuku. Kumizu kwake kumamera timibulu mmene mumakhala tizilombo tabwino totenga nayitrojeni wa mumpweya ndi kumusandutsa chakudya cha mbewu, kotero kuti chimanga chobzalidwa pamene padali soya chimapeza nthaka yokhuta. Soya akachepa m'munda, phala la mwana limachepanso, pamodzi ndi ndalama ya sukulu ndi chonde cha chaka chamawa.

Mitundu ya soya imene alimi a m'Malawi amaidziwa ndi yambiri. Ilipo Makwacha, Nasoko ndi Ocepara-4. Ulipo Tikolore, umene udaperekedwa kwa alimi m'chaka cha 2011. Ulipo Magoye, wochokera ku Zambia. Mlimi posankha mtundu amafunsa ngati umacha msanga, ngati makoko ake amathetheka m'munda iye asanakolole, ngati njere zake nzazikulu, ndiponso ngati umapirira chiwawu. Pali funso lina limene silimveka kawirikawiri pamsika wa mbewu, ndilo lakuti: kodi mtunduwo umapirira mpweya wodetsedwa?

Dzina la chinthu chosaoneka

Chichewa chili ndi mawu okwanira otchulira zinthu za mumlengalenga zimene maso amaziona. Utsi ndi wa moto. Fumbi ndi la dothi louma. Nthunzi imatuluka m'madzi owira. Nkhungu imagwa m'mapiri nyengo yachisanu. Mpweya ndiwo umene munthu amapuma. Chimene chimapweteka soya chimayenda ndi utsi, koma sichili utsi. Akatswiri amachitcha ozoni, dzina limene Christian Friedrich Schönbein, mphunzitsi wa ku Basel, adalitenga ku liwu la Chigiriki lotanthauza kununkha cha m'ma 1840, popeza mpweyawu uli ndi kafungo kakuthwa kamene nthawi zina kamamveka mphezi ikagwa pafupi. Okisijeni amene anthu amapuma ali ndi maatomu awiri ogwirana, pamene ozoni ali ndi atatu. Atomu yachitatuyo siikhazikika, koma imalumphira pa chinthu chilichonse chimene yakhudza ndi kuchidya, monga mmene dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula, kungoti ozoni amafulumira koposa.

Pophunzitsa liwuli mphunzitsi asamale zinthu ziwiri. Choyamba, asatchule ozoni kuti utsi pofuna kufewetsa phunziro, pakuti mwana adzaganiza kuti pamene sipaoneka utsi palibe choopsa, chikhalirecho ozoni amafika kutali kumene utsi sudaonekeko. Chachiwiri, alongosole kuti ozoni amakhala malo awiri. Kumwamba kwenikweni, pakati pa makilomita 15 ndi 35 kuchokera pansi, kuli ozoni amene amatchinjiriza zamoyo ku cheza chowononga cha dzuwa, ndipo ameneyo ngwabwino. Wovuta ndi ozoni wa pansi, amene amakhala mumpweya umene anthu, ziweto ndi mbewu zimapuma.

Kubadwa kwa ozoni wa pansi

Ozoni wa pansi satuluka pamoto monga umatulukira utsi, koma amapangika mumpweya pakakumana zinthu zitatu. Choyamba ndi mipweya ya nayitrojeni imene imatuluka paliponse pamene pakuyaka moto, kaya ndi tchire, kaya ndi mafuta m'injini ya galimoto. Chachiwiri ndi nthunzi zosaoneka zochokera ku udzu, nkhuni ndi petulo zimene sizidapse mokwanira, ndiponso ku masamba a mitengo yamoyo. Chachitatu ndi dzuwa lamphamvu, limene limaphika ziwirizo kufikira ozoni atabadwa. Kuphikaku kumatenga maola, ndipo pa maola amenewo mphepo imakhala itanyamula mpweyawo ulendo wautali. Motero ozoni amachuluka dzuwa litapendeka, ndipo kawirikawiri amachuluka kumidzi ya kunsi kwa mphepo kuposa pamalo penipeni pamene padayaka moto.

Anthu adayamba kuzindikira zimenezi ku America. M'chaka cha 1944 alimi a ndiwo zamasamba pafupi ndi mzinda wa Los Angeles adaona masamba awo akuwauka popanda nthenda yodziwika, ndipo pofika 1952 Arie Haagen-Smit adasonyeza kuti utsi wa magalimoto ndi dzuwa ndizo zimapanga mpweya woluma m'maso wa mumzindawo, momwe mudali ozoni wambiri. M'chaka cha 1959 akatswiri ena adatsimikiza kuti timadontho totuwa timene tinkawononga fodya kum'mawa kwa dzikolo tidali ntchito ya ozoni.

Wina angaganize kuti imeneyi ndi nthenda ya maiko a magalimoto ambiri. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kumayambiriro kwa mwezi wa Seputembala m'chaka cha 2000, pa ntchito yofufuza mlengalenga yotchedwa SAFARI 2000, akatswiri otsogozedwa ndi Anne Thompson wa bungwe la NASA adaulutsa mabaluni oyeza mpweya ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Mua. Ozoni amayezedwa powerenga magawo ake mwa magawo biliyoni imodzi a mpweya, ndipo ku Ulaya akatswiri amawerenga kuti mbewu zimayamba kuvutika magawowo akapitirira 40. Ku Lusaka adapeza kuti pansi penipeni ozoni adafika kupitirira magawo 90. Gawo lina lidachokera mumzinda momwemo, ndipo lina lidabwera ndi mphepo kuchokera ku moto wa tchire wa maiko ozungulira, pakuti utsi wa chilimwe umazungulira pamwamba pa Zambia, Angola, Zimbabwe ndi Mozambique, nkupita ku nyanja ya India, nthawi zina nkubwereranso.

Chigwa cha Mua chili m'dera lomweli la moto wa chilimwe, ndipo zinthu zitatu zija zonse zimapezekamo. Anyamata osaka mbewa amatentha tchire, alenje amayatsa moto m'mapiri, alimi posasa ndi posonkhanitsa mapesi amawatentha, otentha makala ndi owotcha njerwa amafukiza usana ndi usiku, ndipo dzuwa la Okutobala la kunyanja aliyense amalidziwa.

Enzaimu ndi chiyani?

Liwu lachiwiri lofunika kulimasulira ndi enzaimu. Liwuli nlachilendo, koma chinthu chake mayi aliyense wa ku Mtakataka amachidziwa. Pophika thobwa, mayi amayamba waphika phala lolimba la ufa wa chimanga, nkulisiya kuti lipoleko, kenaka nkuthiramo chimera cha mawere kapena cha mapira. Posakhalitsa phala lija limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera, chikhalirecho sadathiremo madzi kapena shuga. Chimene chagwira ntchitoyi ndi enzaimu ya m'chimera, imene imadula ufa ndi kuusandutsa shuga. Mayiyo akathira chimera phala likadali kubwata pamoto, thobwa silitsekemera bwino, pakuti kutentha kwambiri kumapha enzaimu. Enzaimu yoyamba kupatulidwa ndi akatswiri idali yomweyi ya m'chimera: Anselme Payen ndi Jean-François Persoz a ku France adaipatula m'chimera cha barele m'chaka cha 1833.

Tsono enzaimu ndi kanthu kopangidwa m'thupi la chamoyo kamene kamafulumizitsa ntchito imodzi, iko kosatha nayo ntchitoyo. Maenzaimu alipo zikwizikwi, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. Soya nayenso ali nawo. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti soya wosaphika asanyikidwe m'madzi ozizira, koma aponyedwe m'madzi owira kale kapena akazingidwe. Chifukwa chake nchakuti m'njere zake muli enzaimu yotchedwa lipoxygenase, imene njere zikasweka ndi kunyowa imabweretsa fungo losakoma lija, ndipo moto ndiwo umailetsa.

Maenzaimu ndi chibadwa cha mbewu, ndipo mtundu uliwonse umalandira ake kwa makolo ake. M'chaka cha 1968 akatswiri awiri a ku Canada, Buttery ndi Buzzell, adapeza kuti mitundu ya soya imagawika pawiri: ina ili ndi enzaimu yambiri yotchedwa peroxidase m'khungu la njere zake, ina ili nayo yochepa kwambiri, ndipo oyesa mbewu amagwiritsa ntchito kusiyanaku pozindikira mitundu imene njere zake zimafanana m'maso. Ngati njere zimasiyana chotero, nzosadabwitsa kuti masamba nawonso amasiyana.

Zimene zimachitika m'kati mwa tsamba

Tsamba la soya lili ndi timabowo tambirimbiri, tochuluka kunsi kwake, tosaoneka popanda galasi lokulitsa zinthu. Timabowoti timatseguka masana kuti mpweya wa kaboni dayokisaidi ulowe, pakuti ndi mpweya umenewu, madzi ndi kuwala kwa dzuwa tsamba limapanga shuga wodyetsa mbewu yonse. Usiku, ndiponso mbewu ikamva ludzu, timabowoti timatsekeka. Ozoni amalowera pakhomo lomwelo. Akalowa amasungunuka m'timadzi tokuta maselo a tsamba, ndipo pomwepo amasanduka ziphe zingapo, zodziwika kwambiri ndizo superoxide ndi hydrogen peroxide. Ziphezi zimaboola khungu la maselo, zimafwifwitsa chobiriwiritsa tsamba, ndiponso zimachepetsa rubisco, enzaimu imene imagwira kaboni dayokisaidi kuti shuga apangike.

Mbewu siingokhala chete. Mlonda woyamba ndi vitamini C, yemweyo amene amapezeka m'malambe ndi m'magwafa. Tsamba limamusunga m'timadzi tija, ndipo iye amakumana ndi ozoni ndi kumuthetsa mphamvu asanafike m'kati mwa selo. Ziphe zimene zapulumuka pamenepo zimakumana ndi maenzaimu ogwira ntchito mopatsirana. Enzaimu yotchedwa superoxide dismutase, imene Joe McCord ndi Irwin Fridovich adaizindikira ntchito yake m'chaka cha 1969, imasandutsa superoxide kukhala hydrogen peroxide. Pamenepo catalase ndi ascorbate peroxidase zimalandira hydrogen peroxide ndi kumusandutsa madzi. Koma vitamini C akagwira ntchito amafooka, ndipo pamafunika maenzaimu ena, monga glutathione reductase, othandiza kumubwezera mphamvu kuti agwirenso ntchito. Enzaimu imodzi ikachedwa, chiphe chimaunjikana pamalo pakepo, monga mmene madzi amasefukira m'ngalande ya mpunga pamene patsekeka ndi zinyalala.

Ngakhale tsamba lipambane, kudziteteza kumeneku kuli ndi mtengo wake. Shuga amene akadapita ku njere amathera pa kupanga maenzaimu ndi kukonza maselo owonongeka. Masamba amakalamba ndi kuyoyoka nthawi isanakwane, pamene njere zikadali kukhwima, kotero kuti zimakhala zochepa ndi zazing'ono. Mizu imalandira shuga wochepa, ndipo timibulu ta nayitrojeni tija timafooka. Choopsa nchakuti zonsezi zingathe kuchitika popanda banga lililonse looneka pa tsamba, ndipo mlimi amangodabwa pa tsiku loyeza matumba.

Kukula kwa chitayiko chimenechi kudayezedwa. Ku Illinois, m'dziko la America, kuli munda woyesera wotchedwa SoyFACE, umene udayamba m'chaka cha 2001, mmene mipope yozungulira mbewu imauzira ozoni pa soya womera pabwalo ngati wa mlimi aliyense. M'chaka cha 2006 adalengeza kuti atawonjezera ozoni ndi magawo 23 pa 100, zokolola zidatsika ndi magawo 20 pa 100, ndiko kuti thumba limodzi pa matumba 5 aliwonse. Ndipo akatswiri ena, powerengera dziko lonse lapansi, adapeza kuti m'chaka cha 2000 ozoni adadya matumba pafupifupi 9 kufikira 14 pa matumba 100 aliwonse a soya.

Chifukwa chake mitundu imasiyana

Mitundu iwiri ya soya yobzalidwa m'munda umodzi, yopuma mpweya umodzi, ingathe kusiyana pa zinthu zitatu. Ingasiyane pakhomo, pakuti mtundu umene timabowo take timatseguka kwambiri umalowetsa ozoni wambiri. Ingasiyane pa nkhokwe ya vitamini C imene tsamba limasunga. Ingasiyanenso pa changu cha maenzaimu ochotsa ziphe ndi obwezera mphamvu vitamini C.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mitundu iwiri ya ku America, Essex ndi Forrest. M'zaka za 1994 ndi 1995 akatswiri a ku Maryland adaibzala m'timipanda ta pulasitiki topanda denga, tina tolandira mpweya wosefedwa ndi makala, wa ozoni pafupifupi magawo 24, tina tolandira wa magawo pafupifupi 63. Mitundu yonse iwiri idataya zokolola mumpweya wodetsedwawo, koma Forrest adataya zambiri ndipo masamba ake adawonongeka kuposa a Essex, amene adasunga bwino mphamvu ya vitamini C m'masamba ake.

M'kuyesa komweko mudapezeka chinthu chofunika kuchimvetsa bwino. Enzaimu ina ya mtundu wa peroxidase idachuluka m'mitundu yonse iwiri, koma idachuluka koposa mwa Forrest, mtundu wofookawo. Motero kuchuluka kwa enzaimu sikusonyeza mphamvu nthawi zonse, pakuti maenzaimu ena amachuluka chifukwa tsamba lavulala kale. Munthu akaona khamu la anthu onyamula zidebe za madzi pakhomo pa mnzake, sanena kuti nyumbayo njotetezeka koposa zonse m'mudzi, koma amadziwa kuti yagwira moto. Mtundu wopirira ndi umene uli ndi alonda okonzeka chiphe chisanafike, ndipo umboni wake weniweni ndi njere za m'thumba.

Akatswiri a ku North Carolina adayesanso mitundu yakale 30 imene ili makolo a soya wa ku America ndi Canada, ndipo m'chaka cha 2009 adalengeza kuti yopirira koposa ndi ya banja la Fiskeby, lochokera ku Sweden. Soya wa Fiskeby adazolowera dziko lozizira la masiku aatali ndipo sangapindule ku Golomoti, koma ngwofunika kwa okweranitsa mbewu, amene angatenge kupirira kwake ndi kukulowetsa m'mitundu ya maiko otentha. Ntchito imeneyi njofunika changu, pakuti m'chaka cha 2016 akatswiri atasonkhanitsa zoyesa za zaka zambiri adapeza kuti pakati pa 1960 ndi 2000 kufooka kwa soya pamaso pa ozoni kudakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chifukwa chimodzi chimene adachitchula nchakuti posankha mitundu yobereka kwambiri anthu adasankhanso, mosadziwa, mitundu ya timabowo totseguka kwambiri.

Tanthauzo lake kwa alimi a kuchigwa

Soya wa m'munda amabzalidwa ndi mvula yoyamba ndipo amakololedwa cha mu Epulo. Pa miyezi imeneyi moto wa tchire umakhala utazima, mitambo imaphimba dzuwa, ndipo ozoni amakhala wocheperapo. Umenewu ndi mwayi wa mlimi wa dzinja. Amene ayenera kuchenjera ndi mlimi wa chilimwe. M'madimba a m'mbali mwa mitsinje, ndiponso pa sikimu ya Bwanje Valley pafupi ndi Mtakataka, imene ili ndi mahekitala pafupifupi 800 othiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe, mbewu zimakhala zobiriwira pa miyezi yomwe ija ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala pamene chifunga chakuta chigwa. Ndiponso mbewu yothiriridwa bwino siimva ludzu, motero timabowo take timakhala totseguka masana onse, ndipo imamwa ozoni wambiri kuposa mbewu yofota. Mlimi wochulukitsa mbewu ya soya pothirira m'chilimwe ali pamalo amenewa, ndipo wolima nyemba za m'dimba ali pomwepo, pakuti nyemba nazo zimafooka ndi ozoni monga mbale wake soya.

Kuzindikira bala la ozoni

Bala la ozoni likaoneka, limayamba ngati timadontho ting'onoting'ono tofiirira kapena todera, tonga tobayidwa ndi singano, pamwamba pa tsamba, pakati pa mitsempha, pamene mitsemphayo ikadali yobiriwira. Limayambira pa masamba okhwima, ndipo masamba anthete a kunsonga amakhala abwino. Pamene tsamba lina laphimba linzake, gawo lophimbidwalo kawirikawiri limakhala losadetsedwa. Pambuyo pake tsamba lonse limasanduka lachikasu ndi kugwa.

Bala limeneli nlosavuta kulisokoneza ndi zovuta zina, ndipo njira yosiyanitsira ndi kutembenuza tsamba. Chiwawu cha soya, chimene ena amachitcha dzimbiri, chimatulutsa timatuza kunsi kwa tsamba, ndipo munthu akapakhudza chala chimatenga fumbi lofiirira. Akangaude ofiira nawonso amakhala kunsi, pamodzi ndi ulusi wawo. Kusowa kwa potaziyamu m'nthaka kumawaula tsamba kuyambira m'mphepete. Koma tsamba lovulazidwa ndi ozoni kunsi kwake kumakhala kosalala, kopanda fumbi ndi kopanda kachilombo. Kusiyanitsaku kumapulumutsa ndalama, pakuti mlimi wopopera mankhwala a chiwawu pa bala la ozoni wataya mankhwala ake pachabe.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi angathe kuonetsa ana enzaimu ikugwira ntchito popanda zipangizo zodula. Agule kabotolo ka hydrogen peroxide, mankhwala otsukira zilonda amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala, ndipo adontheze pang'ono pa mbatata ya kachewere yaiwisi yodulidwa kumene. Thovu lidzatuluka pomwepo, pakuti catalase ya mumbatata ikusandutsa chiphecho kukhala madzi ndi okisijeni. Adonthezenso pa mbatata yophika, ndipo thovu silidzaoneka, chifukwa moto wapha enzaimu. Pambuyo pake ana asinje masamba a soya ndi kuyesa chimodzimodzi, kuti aone ndi maso awo kuti mlonda yemweyo alimonso m'tsamba.

Ntchito yachiwiri ndi ya m'munda wa sukulu. Ana abzale mitundu itatu kapena inayi ya soya m'mizere yoyandikana, pa nthaka imodzi, pa tsiku limodzi, ndi chisamaliro chimodzi, kamodzi m'dzinja ndi kamodzi m'chilimwe pothirira. Sabata ndi sabata alembe m'buku tsiku, maonekedwe a mlengalenga, ndi chiwerengero cha masamba a madontho pa mtundu uliwonse, atayamba atembenuza tsamba lililonse. Pokolola ayeze njere za mzere uliwonse paokhapaokha. Chaka chimodzi sichikwanira kugamula mlandu, popeza kutentha, nthaka ndi matenda nazo zimasiyanitsa mitundu. Koma buku losungidwa zaka zingapo, m'sukulu zingapo za ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, lingakhale chinthu choyenera kuchionetsa kwa mlangizi wa zaulimi ndi kwa akatswiri a ku Chitedze.

Ntchito yachitatu njokhudza moto. Mudzi umodzi sungathe kuletsa utsi wochokera ku Angola kapena ku Mozambique, koma ungathe kuchepetsa wake. Mapesi ndi masangwi okwiriridwa m'mizere kapena oyalidwa pamwamba pa nthaka amasanduka chonde m'malo mosanduka utsi, ndipo tchire lotenthedwa mosamala mvula itangotha, udzu ukadali ndi chinyezi, siliyaka moto wolusa wonga wa mu Okutobala. Mwana amene waona thovu pa mbatata, nawerenga madontho pa masamba a m'munda wa sukulu, adzatha kufotokozera makolo ake chifukwa chake moto woyatsidwa kuphiri pofuna mbewa umachepetsa nyemba ndi soya za m'dimba la kutsidya kwa mtsinje.